Mphakati

Mphakati (yambiri ndi miphakati) ndi kagulu ka akhristu a Mpingo wa Katolika okhala moyandikana, amene amakumana m'nyumba zawo kuti apemphere, awerenge Baibulo ndi kuthandizana. M'madera ena a m'Malawi kagulu kotere kamatchedwa limana. Parishi imodzi imagawidwa m'miphakati ingapo, ndipo yambiri imatenga dzina la woyera mtima. M'mizinda, mphakati ndi njira yaikulu imene parishi imafikira anthu m'madera amene akukhala.

Mbiri

Ganizo la miphakati linakula pambuyo pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican (1962–1965), umene unatsindika kuti akhristu eni ake ali ndi udindo mumpingo. Bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, AMECEA, linakambirana za timagulu timeneti ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 linagwirizana kuti ikhale ntchito yoyamba ya mpingo m'mayiko ake. Mu 1979 maepiskopiwo anakumana ku Zomba kuti aunike mmene ntchitoyi ikuyendera.

Ku Malawi, amene anatsogolera ndi Ambuye Patrick Kalilombe, omwe anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Iwo anaitanitsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, imene inakhazikitsa miphakati ngati maziko a mpingo wodzidalira. Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakayikira timaguluti poganiza kuti tikupikisana ndi nthambi za chipani cha Malawi Congress Party. Ambuye Kalilombe anachoka m'dziko mu 1976 ndipo anatula pansi udindo mu 1979, koma miphakati inapitirira.

Kayendetsedwe

Mphakati umatsogoleredwa ndi akhristu eni ake, osati wansembe. Mamembala amasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Misonkhano imachitika mosinthanasinthana m'makomo a mamembala. Pamsonkhano amawerenga Mawu a Mulungu, kugawana zimene amva, kupereka chopereka ndi kumva za odwala kapena amene ali pamavuto. Munthu wofuna ubatizo wa mwana kapena ukwati wa mutchalitchi kawirikawiri amayamba wadzera kumphakati, chifukwa atsogoleri ake ndiwo amamudziwa.

Miphakati ya m'tauni

Lilongwe itakhala likulu la dziko mu 1975, anthu ambiri anasamukirako kuchoka m'maboma osiyanasiyana. M'madera monga Kawale ndi Chilinde ku Lilongwe, kapena Ndirande ndi Bangwe ku Blantyre, anthu oyandikana nyumba nthawi zambiri si pachibale. Apa mphakati umagwira ntchito zimene kumudzi zimagwiridwa ndi abale: kugona pamaliro, kuphika pasiwa, kusonkha ndalama za bokosi ndi galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi, ndiponso kuzonda odwala kuchipatala. Pa nthawi zotere akhristu amagwira ntchito limodzi ndi mafumu a m'dera ndi anthu a mipingo ina, motero parishi imadziwika ngakhale kwa amene salowa m'tchalitchi chake.

Zovuta

M'tauni anthu ambiri amakhala m'nyumba za lendi ndipo amasamukasamuka, choncho mamembala sakhalitsa. Ogwira ntchito ndi ochita malonda amasowa nthawi. M'miphakati yambiri amayi ndiwo amachuluka, pamene abambo ndi achinyamata amabwera ochepa. Ena amadandaulanso kuti nkhani za zopereka zimatenga nthawi yambiri kuposa mapemphero ndi ntchito zachifundo.