Kumene Inachokera Laisensi ya Malonda

Lero ndaika khasu pambali pang'ono, pakuti poyendera minda ambiri a inu mwandifunsa funso limodzimodzi, kuti, "Alangizi, matimati ndalima ndekha ku dimba, thukuta ndi langa, nanga bwanji ndikafika nao ku Limbe a Khonsolo andifunsa kalata?" Kalata za malonda sizinayambe dzulo ai. Tsono tamverani kumene zinachokera.

Tauni ya Blantyre, imene ambiri timaitcha Kabula, inayamba ndi a Mishoni a ku Scotland m'chaka cha 1876, ndipo pasanapite nthawi a Mandala anadza namanga sitoro zao. Pofika 1895 tauniyi inali ndi Khonsolo yakeyake, yoyang'anira miseu, ukhondo ndi mamangidwe a nyumba. Limbe inadzaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Koma dziwani kuti m'Khonsolo ya masiku oyambawo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Azungu ndiwo anali kupanga malamulo, Amwenye anagwira sitoro za nsaru ndi mchere, ndipo makolo athu anali kufika ndi dengu pamutu. Chotero kuyambira kale laisensi inali kugwira nchito ziwiri. Yoyamba inali kuteteza wogula. Yachiwiri inali kusankha munthu woti achite malonda ndi kutsekera mnzake kunja.

Nchito yachiwiriyi alimife tinaiona bwino pa fodya. Mu 1926 Boma linakhazikitsa Native Tobacco Board. Mlimi wa fodya wa kumudzi anayenera kulembetsa dzina, wogula anayenera kukhala ndi laisensi, ndipo malonda anali kuchitika pa misika yowerengeka imene Bodiyo inavomereza. Anati cholinga chinali chakuti fodya akhale wabwino, ndipo kunena zoona m'menemo munali nzeru. Koma ogula akachepa mtengo umagwa, ndipo mlimi alibe kwina kopita nao mtolo wake. Chimanga nacho chinalowa m'manja a Maize Control Board mu 1947, zaka ziwiri isanagwe njala ya 1949 imene inasautsa kwambiri anthu a m'boma la Blantyre. Mabodi amenewa anasinthasintha maina kufikira panadza ADMARC mu 1971, ndipo mu 1987 Boma linatsegula khomo kuti amalonda apadera azigula mbeu kwa alimi, atayamba atenga laisensi.

Tibwerere ku sitoro. Mu 1970 Dr. Banda analamula kuti Amwenye achoke ku midzi nakachite malonda m'matauni akuluakulu okha, ndipo pofika 1978 anali atachoka. Cholinga chinali chakuti Amalawi atenge sitorozo. Ena anatengadi nachita bwino. Koma ambiri analibe mpamba kapena galimoto yokatengera katundu, kotero kuti m'malo ambiri zitseko zinangokhala zotseka, ndipo mlimi anayamba kuyenda mtunda wautali kukagula khasu ndi mchere. Kupatsa munthu kalata nkwapafupi, koma kalatayo siidzaza mashelefu. Mu 2012 Boma linachitanso chofanana nacho, poletsa amalonda akunja, makamaka ochokera ku China, kugulitsa kunja kwa Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

M'tauni momwemo munali nkhani inanso. Chitapita chisankho cha 1994 mavenda anachuluka m'makonde a sitoro ndi m'mphepete mwa miseu, osalipira kanthu ku Khonsolo, pamene mwini sitoro wa kumbuyo kwao anali kulipira laisensi chaka ndi chaka. Mu April 2006 Boma la Dr. Bingu wa Mutharika linawachotsa pa nchito imene inatchedwa Operation Dongosolo, ndi kuwatumiza ku misika. Ambiri anabwereranso, ndipo ine sindidabwa nazo, pakuti wogula amapezeka pamene pamaima basi.

Tsono musaganize kuti ndiri kunena kuti laisensi ndi yoipa, iai. Ine ndi maso angawa ndinaona mlimi wina pa msika wina ali kugulitsa thumba la mtedza limene tinayeza limodzi kunyumba kwake m'mawa womwewo. Pa sikelo ya wogula thumbalo linachepa ndi makilogalamu asanu. Wogulayo analibe kalata iri yonse, ndipo m'mawa mwake sanaonekenso. Akadakhala wa laisensi, dzina lake likadapezeka m'buku ku ofesi, ndipo mlimi uja akadakhala ndi kokadandaula. Masikelo a malonda amayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972. Musachite manyazi kufunsa wogula ngati sikelo yake inayesedwa, musanamasule thumba.

Inu a matimati, chimene a Khonsolo amakufunsani pa msika ndi tikiti ya tsiku limenelo, osati laisensi. Lipirani kwa munthu wopereka tikiti, ndipo muisunge kufikira madzulo. Laisensi ndi ya amene afuna kutsegula gulosale, butchala kapena nyumba yodyeramo. Makhonsolo amapanga malamulo ao ndi mphamvu ya lamulo la Maboma Aang'ono la 1998, ndipo ngati malonda anu ndi a chakudya, woyang'anira za umoyo adzayamba waona kumene mutunga madzi, chimbudzi, ndi kumene mutaya zinyalala. Ophika ndi odula nyama adzafunikanso kukapimidwa ku chipatala. Pitani mukafunse ku ofesi musanaike njerwa yoyamba, pakuti kugumula khoma kumadya ndarama zambiri kuposa ulendo wa basi.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku munda, pa nkhani ya manyowa. Tsalani bwino.