Ford Kapena Chevrolet: Mbiri ya Mkangano wa Mapikapu a ku America

Pa milandu yonse imene anthu a ku United States amaizenga popanda woweruza, kaya pakhomo la tchalitchi mapemphero atatha, kaya pamsika wa ng'ombe, kaya m'nyumba zodyera za m'mbali mwa misewu ya ku Texas ndi ku Iowa, palibe umene wakhalitsa osagamulidwa monga uwu wakuti, mwa mapikapu akuluakulu awiri, ya Ford ndi ya Chevrolet, yoyenera munthu wanzeru kutayirapo chuma chake ndi iti. Mlanduwu adauyamba agogo, atate adaulandira, ndipo adzukulu akuupitiriza. Komatu iye amene alowa lero m'bwalo la ogulitsa magalimoto nayesa kuti akusankha ndi mutu wake yekha, sadziwa kuti mbali yaikulu ya chisankhocho adamupangira kale anthu ena, ena mwa iwo a mtundu wake, ena opanga malamulo ku Washington, iye asanabadwe n'komwe.

Pikapu sadaiyambe ndi eni mafakitale ayi, adaiyamba ndi alimi. Henry Ford atatulutsa Model T m'chaka cha 1908, galimoto yotsika mtengo imene ngakhale mlimi wamba akadatha kuipeza, sipadapite nthawi alimiwo adayamba kuchotsa mpando wakumbuyo, nakhomerapo bokosi la matabwa limene adapala okha, kuti anyamuliremo zitini za mkaka, matumba a mbewu ndi ana a nkhumba popita kumsika. Pakuti munthu amene dzulo lake ankamanga akavalo pangolo sakadamvetsa chifukwa chake chitsulo chodula chotere chizinyamula anthu okha Lamulungu, n'kumagona m'khola masiku ena onse. Eni makampani adaona zimenezi naphunzira. Ford adatulutsa lole ya tani imodzi, Model TT, mu 1917, ndipo Chevrolet, kampani imene adaikhazikitsa Louis Chevrolet ndi William Durant mu 1911, idatulutsa malole ake oyamba mu 1918. Koma onsewa kawirikawiri ankagulitsa injini, matayala ndi mafupa a galimoto okha, thupi lake wogula akamange yekha kwa mmisiri. Mu 1925 m'pamene Ford adagulitsa pikapu yathunthu yochokera kufakitale, ya bokosi lachitsulo losakwana mita imodzi ndi theka m'litali mwake, pamtengo wa madola 281.

Akulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo wina akalira mnzake ankayankha. Mu 1929 Chevrolet adaika m'magalimoto ake injini ya masilinda 6, pamene ya Ford inali ya masilinda 4. Henry Ford, munthu wouma khosi amene sadafune kuoneka wotsata mapazi a mnzake, adalumpha nambalayo natulutsa injini ya masilinda 8, ija itchedwa V8, mu 1932. Zaka zimenezo zinali za umphawi woopsa m'dziko lonselo, pamene mabanki adagwa ndi fumbi lidakwirira minda ya ku Oklahoma ndi Kansas, ndipo ine ndiyesa kuti kukhulupirika kumene tikuona lero kudabadwa m'masiku a masautso amenewo. M'kamudzi kakang'ono ka alimi munkakhala wogulitsa magalimoto mmodzi kapena awiri, makaniko mmodzi wodziwa injini ya mtundu umodzi, ndi sitolo imodzi ya zitsulo zosinthira. Tsono banja limene galimoto yake idapirira osafa kufikira njala itatha, kapena limene wogulitsa adalilezera mtima pa ngongole, silidaiwale chifundocho, ndipo lidauza ana ake kuti m'nyumba muno ndife a Ford, kapena ndife a Chevrolet, monga momwe munthu atchulira mfunda wake.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idaimitsa kupanga magalimoto a anthu wamba kumayambiriro kwa 1942, ndipo itatha, pamene asilikali adabwerera kwawo napeza malole a makolo awo atatheratu, makampani awiriwa adathamangirana kuwakumana. Chevrolet adatsogola mu 1947 ndi mapikapu otchedwa Advance Design, Ford natsatira mu 1948 ndi F-1, kholo la banja lonse la F-Series, imene idasanduka F-100 mu 1953. Kufikira apa pikapu inali chida chabe, ya mpando umodzi wautali ndi pansi popanda kapeti, yonunkha mafuta ndi thukuta. Koma mu 1955 Chevrolet adatulutsa Cameo Carrier, ya m'mbali mosalala ndi utoto wamitundu iwiri, yokongola mwakuti mayi akadatha kukwera atavala zakutchalitchi osachita manyazi. Ndipo ngakhale idagulidwa ndi owerengeka okha, idaloza njira imene onse adadzerapo pambuyo pake, Ford ndi Styleside mu 1957, Chevrolet yemwe ndi Fleetside mu 1958.

Tsono pano pali chinthu chodabwitsa chimene wowerenga angachiyese nthabwala, koma ndi mbiri yeniyeni: kuti mpanda umene watchinjiriza mapikapu a ku America zaka zonsezi adaumanga chifukwa cha nkhuku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, alimi a ku America adafika poweta nkhuku zochuluka ndi zotsika mtengo kotero kuti zidadzaza misika ya ku Ulaya, ndipo maiko a kumeneko, makamaka France ndi West Germany, poona alimi awo akulira, adazikwezera msonkho wolowera. Pulezidenti Lyndon Johnson adabwezera moto ndi moto: kuyambira mu January 1964 adakweza msonkho pa katundu wina wochokera kunja, monga kachasu wa brandy ndi ufa wa sitachi wa mbatata ya kachewere, ndipo pa malole ang'onoang'ono adaika wa 25 peresenti, muvi umene udalunjika pa Volkswagen ya ku West Germany, amene mapikapu ake anali atayamba kuoneka m'misewu ya ku America. Mkangano wa nkhuku udatha kalekale, misonkho ya zinthu zinazo idachotsedwa, koma wa malole ulipobe kufikira lero lino. Makampani akunja adayesa nzeru zamitundumitundu kuti auzembe. Subaru adafika pomangirira timipando tiwiri tapulasitiki m'bokosi la kumbuyo kwa kapikapu kake kotchedwa BRAT, toyang'ana kumene galimoto ichokera, kuti akasitomu ailembe ngati yonyamula anthu. Potsiriza pake amene adafunitsitsa msikawo adangomanga mafakitale m'dzikomo, monga adachitira Toyota, amene Tundra yake idayamba kupangidwa ku Indiana mu 1999, ndipo pambuyo pake ku San Antonio m'chigawo cha Texas.

Dzanja lachiwiri la boma lidaoneka m'zaka za m'ma 1970. Maiko a Aarabu atatseka mafuta mu 1973, aphungu adakhazikitsa mu 1975 lamulo lokakamiza magalimoto kusamwa mafuta ambiri, ndipo padalinso malamulo oletsa utsi woipa. Koma pomvera chisoni mlimi ndi mmisiri, malamulowo adafewetsedwa pa malole, ndipo lole ikalemera kwambiri m'pamenenso lamulo linkaipepukira. Ford adawerenga bwino malembawo, natulutsa mu 1975 F-150, imene kulemera kwake pamodzi ndi katundu kunkapitirira pang'ono mapaundi 6,000, ndiwo makilogalamu ngati 2,700, malire amene lamulo la utsi lidalekezera kuuma kwake. Chotero lamulo limene lidalembedwa kuti magalimoto achepe lidakhala lomwelo lonenepetsa pikapu. Kuyambira 1977 F-Series yakhala lole yogulidwa koposa zonse m'dzikomo chaka ndi chaka, ngakhale a General Motors, eni ake a Chevrolet, sachedwa kukumbutsa kuti mukaphatikiza Chevrolet Silverado ndi mphwake GMC Sierra, zimene zili ngati mapasa ovala malaya osiyana, zaka zina iwo ndiwo apambana.

Sitingaiwale wachitatu amene adalowa m'bwalo mkangano uli pakati. Dodge, amene adayamba kale mu 1973 kukulitsa chipinda cha woyendetsa, adaika injini ya dizilo ya Cummins mu Ram yake mu 1989, ndipo mu 1994 adaipatsa nkhope yotukumuka yonga ya malole akuluakulu a mtunda wautali. Anthu adaikonda, anzake aja adatsanzira, ndipo kuyambira pamenepo mphuno ya pikapu yakhala ikukwera, zitseko zidafika zinayi, mipando idakhala yachikopa, ndi bokosi la katundu, lomwe linali chifukwa chenicheni cha galimotoyo, lidafupika kuchoka pa mamita 2.4 a kale kufika pa mamita 1.7 amene ambiri agula lero.

Nkhondo ina yodziwika bwino inali ya chitsulo. Mu 2015 Ford adapanga thupi la F-150 ndi aluminiyamu, nachotsa makilogalamu ngati 300 pa kulemera kwake, kuti isamwe mafuta ambiri. Chevrolet, amene bokosi lake lidakhalabe lachitsulo, adaonetsa pa wailesi yakanema mapikapu awiriwo ataima moyandikana, ndi makina onyamulira akukhuthula miyala yomangira kuchokera m'mwamba. Fumbi litakhazikika, amuna adasendera nasuzumira, ndipo taonani, pansi pa bokosi la aluminiyamu panali ming'alu yoboola, pamene lachitsulo lidangopindika. A Chevrolet adaomba m'manja, a Ford adayankha kuti palibe mwini galimoto wamaganizo abwino amene angathire miyala motero popanda choyala pansi, ndipo sindikhulupirira kuti padapezeka mabanja ambiri amene adasintha mfunda wawo chifukwa cha chionetserocho.

Kwa ife amene tizolowera kuona Hilux ndi Ranger zitasenza matumba a chimanga ndi anthu khumi pamwamba pake, n'chinthu chovuta kumvetsa kuti ku America magalimoto a msinkhu umenewo amawayesa apakatikati, ndi kuti munthu atha kulipira madola oposa 50,000 kugula pikapu yaikulu imene masiku ambiri inyamula iye yekha ndi chikwama chake popita kuofesi. Koma kwa iye amene afunadi kukoka ngolo ya ng'ombe kapena kunyamula simenti, amene waima pakati pa ziwirizi mtima uli ichi chakoma ichi chakoma, chiweruzo changa n'chakuti zaka zana za mpikisano zafananitsa magalimotowa kotero kuti dzina la pamphuno siligamulanso kanthu. Atsegule chitseko cha woyendetsa, awerenge kapepala komatidwa pamphuthu kamene kanena makilogalamu amene galimoto imeneyo iloledwa kusenza, pakuti mapikapu awiri a dzina limodzi atha kusiyana kwambiri pa nambala imeneyi, ndipo akatero afunse kuti makaniko wodziwa injiniyo ali patali bwanji ndi kwawo.