Lamulo la 1886 Linatha, Chitonzo Chikadalipo

Kwa zaka zoposa 100, Mozambique inkayendera malamulo a milandu amene Apwitikizi analemba mu 1886. Ndime zina za malamulowo zinkalola boma kulanga amuna kapena akazi okondana okhaokha. Ndimezo zinachotsedwa mu June 2015, ndipo lamulo la ntchito la 2007 linali litaletsa kale kuwasala anthuwa.

Koma kusukulu, ku Fonte Boa ngatinso ku Angónia, ana amatonzana m'Chinyanja, chinenero chimene PEBIMO inalowetsa m'kalasi ku Tete mu 1993. Choncho mphunzitsi wa zinenero ziwiri amawamva bwino mawu oterewa. Mnyamata wosekedwa kuti amayenda ngati mtsikana akathawa sukulu, angamubweze ndi mphunzitsi amene anamva chitonzocho n'kuchidzudzula pomwepo.