Khoma Lalikulu la ku Los Angeles

Mbiri ya dziko imasungidwa m'njira zosiyanasiyana. Ina imalembedwa m'mabuku, ina imakhala m'nyimbo ndi m'nthano za akuluakulu, ndipo ina imajambulidwa pamiyala ndi pamakoma. Vuto la mbiri ya m'mabuku ndi lakuti kawirikawiri amene amailemba ndi anthu olamula, kotero kuti anthu wamba amene anakhetsa thukuta pomanga dzikolo saonekamo. Mumzinda wa Los Angeles, m'chigawo cha California ku America, muli khoma limene achinyamata oposa 400 anajambulapo mbiri ya anthu oiwalika oterewa. Chithunzicho n'chachitali mamita pafupifupi 840, msinkhu wake ndi mamita pafupifupi 4, ndipo chili m'gulu la zithunzi za pakhoma zazitali kwambiri padziko lonse.

Chiyambi cha khomali ndi tsoka la madzi. M'chaka cha 1938 mvula yamphamvu inadzaza mitsinje ya m'dera la Los Angeles. Madzi anasefukira, anagumula nyumba ndi milatho, ndipo anthu oposa 100 anataya miyoyo yawo. Pofuna kuti zoterezi zisadzachitikenso, boma linapatsa ntchito gulu la mainjiniya a asilikali lotchedwa Army Corps of Engineers kuti liwake mitsinjeyo ndi konkire pansi ndi m'mbali momwe. Umodzi mwa mitsinjeyi unali Tujunga Wash, umene umadutsa m'chigwa cha San Fernando. Ngozi ya madzi inachepadi, koma mtsinje unasanduka ngalande youma, yopanda mtengo kapena udzu. M'chaka cha 1974 mainjiniya aja, pofuna kukongoletsa malowo, anapempha mayi wina waluso lojambula, Judith Baca, kuti aganizire zojambula chithunzi pakhoma la ngalandeyo.

Mayi Baca anabadwira ku Los Angeles komweko m'chaka cha 1946, m'banja limene makolo ake anachokera ku Mexico. M'chaka cha 1970 iwo ankaphunzitsa zojambula m'mapaki a m'dera la Boyle Heights, kumene achinyamata anali ogawikana m'magulu odana. Mnyamata wa dera lina akaponda m'dera la anzake ankatha kumenyedwa ngakhale kuphedwa kumene. Mayi Baca anasonkhanitsa achinyamata a m'magulu odanawo ndi kujambula nawo chithunzi cha gogo wamkazi atatambasula manja, m'paki ya Hollenbeck. Chithunzicho anachitcha Mi Abuelita, kutanthauza kuti "agogo anga". Apa m'pamene anaphunzira kuti anthu amene sangakhalire limodzi pamphasa angathe kuimira limodzi pakhoma, malinga ngati chimene chikujambulidwacho chikuwakhudza onse.

Ntchito ya ku Tujunga Wash inali yaikulu zedi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Motero m'chaka cha 1976 Mayi Baca, pamodzi ndi Christina Schlesinger, katswiri wojambula, ndi Donna Deitch, wokonza mafilimu, anakhazikitsa bungwe la zaluso lotchedwa Social and Public Art Resource Center, mwachidule SPARC, m'dera la Venice. Cholinga cha bungweli chinali chakuti luso lituluke m'nyumba za anthu olemera ndi kufika m'misewu, kumene aliyense angalione popanda kulipira. Likulu lake linakhazikika m'nyumba imene kale inali polisi ndi ndende. Bungweli ndilo linkafunafuna ndalama, kulemba achinyamata ntchito, kusunga zipangizo ndiponso kuyendetsa dongosolo lonse.

Ntchito yojambula inayamba m'nyengo yotentha ya chaka chomwecho cha 1976, pamene sukulu zinali patchuthi. Panali achinyamata 80, akatswiri ojambula 10 ndi akatswiri a mbiri yakale 5. Ambiri mwa achinyamatawo anali ochokera m'mabanja osauka, ndipo ena anali atakhalapo m'manja mwa apolisi ndi makhoti a ana. Anali a mitundu yosiyana: ena a makolo ochokera ku Mexico, ena akuda, ena azungu, ena a makolo ochokera ku Asia. Aliyense anabwera ndi zimene anamva kwawo zonyoza mtundu wa mnzake. Onsewa ankalandira malipiro, chifukwa Mayi Baca ankakhulupirira kuti kujambula ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse. Pofika kumapeto kwa tchuthicho anali atajambula mamita pafupifupi 300.

Kajambulidwe ka chithunzi chachikulu chotere kali ndi dongosolo lake. Burashi isanakhudze khoma, pankakhala miyezi yambiri yofufuza. Ojambula ankakumana ndi akatswiri a mbiri komanso anthu amene anaona zinthuzo ndi maso awo, n'kumakambirana kuti ndi nkhani iti imene iyenera kuoneka. Akagwirizana, ankajambula zithunzi zazing'ono papepala. Kenaka khoma linkapalidwa ndi kutsukidwa kuti penti agwire bwino, n'kulipaka penti woyamba. Atatero ankalemba mizere yopingasana papepala ndi pakhoma pomwe, kotero kuti kabokosi kalikonse ka papepala kankakhala ndi bokosi lake lalikulu pakhoma. Njira imeneyi inkathandiza kuti ngakhale wachinyamata amene sanagwirepo burashi athe kukuza gawo lake mosalakwitsa. Pomaliza ankapaka mitundu yonse ndi kuphimba chithunzicho ndi mankhwala ochiteteza ku dzuwa ndi mvula.

Gawo loyamba litatha, panaoneka cholakwika chimodzi. Katswiri aliyense anali atajambula mbali yake monga mwa kufuna kwake, ndipo zithunzizo sizinkalumikizana bwino. M'chaka cha 1977 Mayi Baca anapita ku Cuernavaca, ku Mexico, kukaphunzira pamalo ophunzitsira luso amene anasiya David Alfaro Siqueiros, mmodzi mwa akatswiri otchuka a zithunzi za pakhoma m'dzikolo. Atabwerako anayamba kuyang'anira okha kamangidwe ka chithunzi chonse, kuti nkhani ina izilowa mwa inzake ngati mikanda ya pa ulusi umodzi. Maganizo ankachokerabe kwa anthu ambiri, koma wowalunzanitsa anali mmodzi. Ntchito inapitirira m'zaka za 1978, 1980, 1981 ndi 1983.

Munthu woyenda m'mbali mwa ngalandeyo amawerenga mbiri ya California kuyambira kalekale kufikira zaka za m'ma 1950. Amayamba waona nyama zamakedzana ndi eni nthaka, monga a mtundu wa Chumash. Kenaka amaona kufika kwa anthu a ku Spain ndi kukhazikitsidwa kwa mzinda wa Los Angeles m'chaka cha 1781. Mabuku ambiri sankatchula kuti ochuluka mwa anthu 44 amene anayambitsa mzindawo anali ndi magazi a eni nthaka kapena a ku Africa, koma khomali limaonetsa nkhope zawo. Limaonetsanso Atchaina amene anamanga njanji, ndi tsiku loopsa la m'chaka cha 1871 pamene chigulu cha anthu chinapha Atchaina pafupifupi 20 mumzindamo.

Mbali ya zaka za m'ma 1900 ndiyo ili ndi nkhani zowawa kwambiri. Pali mabanja a makolo ochokera ku Mexico amene anathamangitsidwa m'dzikomo m'zaka za m'ma 1930, pamene ntchito zinasowa, ngakhale kuti ambiri mwa iwo anabadwira ku America komweko. Pali anthu a makolo ochokera ku Japan, okwana pafupifupi 120,000, amene kuyambira m'chaka cha 1942 anatsekeredwa m'misasa ngati wa Manzanar popanda mlandu. Pali sitima ya St. Louis, imene m'chaka cha 1939 inanyamula Ayuda othawa Hitler koma inakanizidwa kukocheza. Palinso mabanja a ku Chavez Ravine amene anachotsedwa pamalo pamene pambuyo pake panamangidwa bwalo la masewero la Dodger Stadium. Bwalolo analijambula likutsika kuchokera kumwamba ngati chombo chachilendo, uku misewu ikuluikulu ikuzinga ndi kulekanitsa banja limodzi. Komabe sikuti khomali ndi la misozi yokhayokha. Pali Dr Charles Drew, dokotala wakuda amene anatukula njira zosungira magazi othandizira odwala, ndiponso Paul Robeson ndi Rosa Parks, amene analimbana ndi tsankho.

Kujambula nkhani zoterezi kunasintha ojambulawo. Mwana wa banja lakuda ankapaka penti nkhope ya Mjapani wotsekeredwa, ndipo mwana wa mzungu ankajambula mayi wa ku Mexico akukwezedwa sitima. Aliyense anazindikira kuti mtundu wa mnzake unalawakonso zowawa. Ntchitoyo payokha sinali yophweka. M'ngalande ya konkire mumatentha koopsa, ndipo popeza madzi saiwala khwawa, nthawi ina mvula yadzidzidzi inadzaza ngalandeyo ndi kukokolola zipangizo zogwirira ntchito. Anthu akufuna kwabwino anasonkha ndalama ndipo ntchito inapitirira.

Patapita zaka, dzuwa ndi madzi zinafufutitsa mitundu ya chithunzicho. Bungwe la SPARC linatsogolera ntchito yochikonzanso, imene inatha m'chaka cha 2011. M'chaka cha 2017 boma la America linaika khomali m'kaundula wa malo ofunika pa mbiri ya dzikolo, ndipo m'chaka cha 2021 bungwe la Mellon Foundation linapereka madola 5 miliyoni kuti chithunzicho chitalikitsidwe ndi kuphatikizapo zochitika za kuyambira m'ma 1960.

Mayi Baca amayerekeza chithunzichi ndi mphini yotemedwa pa chipsera, pamalo pamene kale pankayenda mtsinje. Fanizoli ndi loona pawiri, chifukwa chipsera chili panthaka ndiponso m'mitima ya anthu amene mbiri yawo inakwiriridwa. Mainjiniya ankangofuna kubisa konkire wonyansa, ndipo katswiri mmodzi akanatha kuwajambulira maluwa ntchito n'kuthera pomwepo. Chimene chinapatsa khomali ulemu ndi chakuti eni mbiri anafunsidwa, ana awo anagwira burashi, ndipo panali bungwe lokhazikika limene linasamalira ntchitoyo kwa zaka zoposa 40. Chithunzi cha pakhoma chimakhala cha anthu onse pokhapokha anthuwo atatengapo mbali posankha chimene chijambulidwe. Chikakhala chawo motero, ngakhale chifufute amabweranso kudzachikonza.