Cigaza ca ku Broken Hill

Inu anchito a m'migodi, tamverani mbiri ya cuma coposa mtovu. Pa 17 June 1921, mumgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, Tom Zwiglaar ndi wanchito wina wa Ciafirika anafukula cigaza ca munthu wakalekale. Cinali ndi mphumi yotsetsereka, fupa locindikala pamwamba pa maso, ndi mano obooka. Ku London, Arthur Smith Woodward anacha mwini cigazaco Homo rhodesiensis. M'caka ca 2020 akatswiri anapeza kuti munthuyo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 300,000 zapitazo. Cigazaci citiphunzitsa kuti maonekedwe a anthu asintha pang'onopang'ono, mbadwo ndi mbadwo. Cikali ku London, ndipo dziko la Zambia lapempha kuti cibwezedwe. Koma dzina la wanchito uja silikumbukika.