Kuchoka pa bwalo la magule kukafika mu Nyumba ya Malamulo

Agogo anga aakazi adasunga nsalu yokhala ndi nkhope ya Kamuzu mpaka tsiku la imfa yawo. Ankandiuza kuti nthawi ya chipani chimodzi, galimoto zinkawatenga m'mamawa kuti akavine pa misonkhano monga mbumba. Nditawafunsa ngati adaganizapo zokhala phungu, adaseka. "Ife ntchito yathu inali kuimba," adatero.

Komatu mayi wina adali atayamba kale kulambula njira. Rose Chibambo adasonkhanitsa amayi polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1959 atsamunda adamutsekera m'ndende ali ndi khanda. Dziko litayamba kudzilamulira adakhala phungu komanso wachiwiri kwa nduna, koma mkangano wa nduna wa mu 1964 udamuthamangitsira ku Zambia. Adabwerera patapita zaka pafupifupi 30. Lero nkhope yake ili pa K200.

Chisankho cha zipani zambiri cha mu 1994 chidalowetsa amayi 10 okha pa mipando 177. Mu 2004 adafika 27 pa mipando 193. Kampeni ya 50-50 itayamba, mu 2009 adapitirira 40, ndipo ambirife tidayesa kuti kwacha. Mu 2012 Joyce Banda adakhala mtsogoleri wa dziko. Koma mu 2014 iye adagonja, ndipo aphungu aakazi adatsika kufika 32. Mu 2019 adapitiriranso 40, Catherine Gotani Hara n'kukhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala Sipikala.

Kukwera ndi kutsika kumeneku kumandiuza kuti palibe chimene chidakhazikika. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limakhudza zolemba anthu ntchito m'boma, osati zisankho. Ku Rwanda malamulo amasungira amayi mipando 24 pa 80, ndipo mu 2008 adaposa theka la aphungu. Kwathu kuno mayi amayenera kudutsa kaye pa chisankho cha chipulula, pomwe ndalama ndi akuluakulu a chipani ndiwo amalamula, ndipo ambiri amagwera pomwepo dzina lisanafike pa pepala lovotera.

Ndikapita ku msonkhano wa ndale ndimaonabe amayi atadzaza bwalo, atavala nsalu za chipani. Ndimawerenga ovinawo, kenako ndimawerenga amayi amene akhala pa mipando ya kutsogolo. Kuwerenga kwachiwiriko sikunditengera nthawi.