Mbiri ya Tsitsi Lathu: Kucokera pa Lumo Kufika pa Mukule

Ukwati ukayandikira ku Katete, Sinda kapena Vubwi, mumaona atsikana atakhala pamphasa tsiku lonse, wina akuluka mnzake. Ena amati kuluka tsitsi ndi zacilendo zocokera m'tauni. Kodi n'zoona? Tiyeni tifunse mbiri.

Makolo athu anali kusamala tsitsi kalekale. David Livingstone atafika kwa Amang'anja a kumtsinje wa Shire mu 1859, anadabwa kuona amuna akunyadira tsitsi lawo. M'buku lake la mu 1865 anafotokoza kuti ena anali kuliumba ngati nyanga za njati, ena kulipota ngati zingwe. Amang'anja ndi abale athu, a mtundu umodzi wa Amaravi. Onani kuti okonza tsitsi aja anali amuna! Mafuta ake anali a nsatsi, cipeso cake camtengo.

Kwa Acewa mutu unali kulankhula. Pamaliro abale anali kumeta, ndipo mlendo poona mipala anali kudziwa kuti pamudzi pagwa zovuta. Pacinamwali namwali anali kumetedwa, kusonyeza kuti ubwana watha. Tsiku lotuluka anamkungwi anali kumuumbira pamutu cingondo cooneka ngati nyama, kapena kumuveka timbwidza ta mikanda. Mpaka lero anamwali amavina pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa August, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu unayambanso mu 1984 utalekeka zaka zambiri.

Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, anabwera ndi cidlodlo, nkhata yakuda yosokeredwa kutsitsi la mwamuna. Mnyamata sanali kuivala mwa kufuna kwake. Inali ya munthu wamkulu amene waloledwa kukwatira.

Zinthu zinayamba kusintha Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa ndi Angelezi mu 1898. Mishoni ya Magwero inatsegulidwa mu 1899, ya Nyanje mu 1905. Masukulu anabwera ndi lamulo la tsitsi lalifupi, amayi nayamba kumanga duku. Amuna opita ku Halale ndi ku Joni anabwerako ndi magalasi, zipeso zam'sitolo ndi mametedwe atsopano. Pang'onopang'ono ambiri anayamba kuganiza kuti tsitsi labwino ndi loongoka ngati la Mzungu. Atsikana anali kutenthetsa cipeso cacitsulo pamakala kuti aliongole, ndipo ena anapsa nako makutu.

M'zaka za m'ma 1960, pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, anthu akuda m'maiko ambiri anayambanso kunyadira tsitsi lawo. Woimba wa ku South Africa, Miriam Makeba, anali kuimba m'maiko a Azungu tsitsi lake lili lacibadwa. Inali nthawi ya afulo. Kuno kwathu atsikana anali kumanga tsitsi ndi ulusi wakuda ndi kuluka mukule, mizere yogona pamutu ngati ya m'munda. M'ma 1980 kunafala mankhwala oongola tsitsi, ndipo pambuyo pake mawigi ndi tsitsi lopanga lolukira pamodzi ndi lathu.

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2022 ofufuza a boma la America anapeza kuti khansa ya cibelekero inali kupezeka kwambiri mwa akazi ogwiritsa nchito mankhwala oongola tsitsi kawirikawiri. Madokotala a khungu amacenjezanso kuti kuluka kothina kumazula tsitsi la pamphumi, ndipo mizu ikafa silimeranso.

Tsono amene muli ndi tsitsi lalitali mungatani? Mukule wolunjika kumbuyo ndi wosavuta ndipo suopa fumbi. Paukwati kapena pakwaya, lukani mizere yokwera kucokera kukhosi ndi m'mbali, nsonga zake muzipombe pamodzi pamwamba pa mutu. Mungalukenso zingwe ziwiri zazikulu ndi kuzizunguliza ngati nkhata. Ulusi umaongola tsitsi popanda moto kapena mankhwala. Woluka akakoka mpaka mutu kuwawa, muuzeni amasule. Ululu si cizindikiro ca luso. Zoluka zisapitirire milungu 6 mpaka 8, ndipo tsitsi lipumeko musanalukenso. Anyamata, lumo lisakhale lobwerekana.

Kalata yoyamba ya Petro, mutu 3, imachula za kuluka tsitsi potikumbutsa kuti kukongola kwenikweni ndi kwa mumtima. Pamsonkhano wanu wotsatira kambiranani izi: kodi ndi bwino mtsikana kuwononga ndalama za sukulu pogula wigi? Ndipo pitani kwa agogo anu muwafunse mmene anali kukonzera tsitsi pa utsikana wawo. Lembani zimene akuuzeni akali moyo, cifukwa mawu a akulu akoma akagonera.